Mayi wa Mashini Osokera ndi Tenda ya Boma ku Bulawayo

Mmodzi mwa ogula aakulu mu mzinda wa Bulawayo masiku ano ndi boma ndi nthambi zake. Kale sizinali choncho. Ku Belmont ndi ku Donnington kunali mafakitale a nsalu, mabulangete ndi zitsulo, ndipo kampani ya njanji inkalemba ntchito anthu miyandamiyanda, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, amene anakhazikika ku Sizinda ndi ku Matshobana. Mafakitale ambiri aja anatseka, ena anasamukira ku Harare. Mu 2011 boma linakhazikitsa thumba la DiMAF la madola 40 miliyoni kuti liwadzutse, koma amene anapindula nalo ndi ochepa. Koma zipatala sizinatseke. Mpilo, United Bulawayo Hospitals ndi Ingutsheni zimafunabe nsalu zoyala pabedi, sopo ndi ufa. Khonsolo ya mzinda imafuna maovolosi, penti ndi mapaipi. Yunivesite ya NUST ndi masukulu a boma nawo amagula chaka chonse. Funso ndi lakuti mayi amene ali ndi mashini anayi osokera ku Mpopoma angagulitseko bwanji kumeneko.

Lamulo silimuletsa. Gawo 315 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 limafuna kuti boma lizigula katundu poyera, mwachilungamo komanso popikisanitsa ogulitsa. Lamulo la zogulagula la 2017, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, linathetsa State Procurement Board, imene inkagamula tenda zikuluzikulu ili ku Harare, n'kuika bungwe la PRAZ kuti lizingoyang'anira. Kugula kwenikweni kunaperekedwa kwa chipatala, khonsolo kapena unduna womwewo, ndipo kwa wa ku Bulawayo chimenechi n'chachikulu, chifukwa wogula tsopano ali pafupi. Gawo 29 la lamuloli limalolanso kukondera ogulitsa a m'dziko momwemo, ndipo limatchula amayi ndi makampani amene ali m'manja mwa amayi. Koma silinawapatulire gawo lawolawo monga anachitira ku Kenya, kumene kuyambira 2013 magawo 30 pa 100 a zogula za boma anasungidwira amayi, achinyamata ndi anthu olumala. Mayi wa ku Zimbabwe amapikisana pabwalo limodzi ndi makampani a ku Harare amene ali ndi maloya ndi akauntanti awo.

Ndiye chifukwa chake pamafunika mlangizi. Sindikunena za maphunziro a masiku awiri ku hotela, aja amatha ndi setifiketi ndi chithunzi cha gulu. Ali ndi ntchito yake, koma munthu amatulukako akudziwa kuti tenda n'chiyani, osadziwa kuti mawa m'mawa alowere ofesi iti. Mlangizi weniweni ali ngati namkungwi: anadutsamo yekha, ndipo amakuuza ndi zimene anthu sanena pagulu.

Ntchito yake yoyamba ndi mapepala, ndipo ndi yotopetsa. Boma siligula kwa munthu wongobwera ndi katundu wabwino. Limafuna bizinesi yolembetsedwa, fomu ya mayina a oyendetsa kampani imene ambiri amaitchulabe CR14 ngakhale tsopano ndi CR6, akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi, chikalata cha NSSA chosonyeza kuti antchito akulipiriridwa, ndi kalembera wa PRAZ amene amalipiridwa chaka ndi chaka malinga ndi mtundu wa katundu. Pamwamba pa zonse pali ITF263, chikalata cha ZIMRA chotsimikiza kuti ulibe mlandu wa msonkho. Kuyambira 2022, wopanda chikalatachi amamudula 30 pa 100 asanalandire malipiro ake. Pa ntchito ya madola 2,000 ndiye kuti 600 apita kaye kwa a msonkho, ndipo phindu la telala silifika pamenepo. Tenda zambiri za mabizinesi ang'onoang'ono zimagwa usanaonedwe n'komwe mtengo wake: chikalata china chinatha mphamvu mwezi watha, tsamba lina silinasainidwe. Kuyambira 2024 zambiri zimachitikira pa intaneti kudzera mu njira ya boma yotchedwa eGP. Ulendo wokaponya envulopu m'bokosi unachepa, koma mayi wozolowera kugulitsa pa WhatsApp amafuna womukhalira pambali tsiku loyamba kukweza mapepala pa kompyuta, makamaka magetsi akamazimazima.

Kwa zidzukulu za Amalawi ndi Azambia vuto limayambira kutali. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira ku Zimbabwe komweko anapezeka kuti ndi alendo, ziphaso zawo zitalembedwa kuti ALIEN. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera ku dziko la SADC, ndipo Chichewa anachiika pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe chiphaso sichisintha chokha. Mwini wake ayenera kupita ku ofesi ya kalembera. Alipo amene sanapitebe, ena alibe ndi chikalata chobadwira chomwe chifukwa agogo awo anabwera opanda pepala. Munthu wotere amavutika kulembetsa kampani ndi kutsegula akaunti, ndiye mlangizi wanzeru amayambira pa chiphaso, za tenda n'zapambuyo.

Mapepala akakwana, mlangizi samuthamangitsira ku tenda yaikulu yolengezedwa mu Government Gazette kapena mu nyuzipepala ya Chronicle. Zogula zazing'ono amangoitanitsa makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu: maepuloni a kukhitchini ya chipatala, makatani a ofesi, madasita a ana asukulu. Apa sipafunika chikole chachikulu, ndipo ukapereka katundu pa nthawi yake umapeza kalata yokuchitira umboni, imene tenda zikuluzikulu zimafunsa. Popanda kalata zoterezi munthu amangozungulira: sakupatsa ntchito chifukwa sunagwirepo, ndipo sungagwirepo chifukwa sakukupatsa.

Chimene alangizi ambiri amalumpha, pamene ndicho chimagwetsa anthu, ndi nthawi ya pakati pa kupereka katundu ndi kulandira ndalama. Tiyerekeze kuti mayi uja wapambana ntchito yosoka maovolosi 300. Nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani agula ndi ndalama zake, mwina kuno komweko, mwina ku Musina kapena ku Francistown, ndipo ogulitsa amafuna madola kapena marandi pamanja. Atelala ake amafuna malipiro kumapeto kwa mwezi. Lendi siyembekeza. Wapereka katundu, wasainitsa, watumiza invoisi, kenako kuli zii. Nthambi za boma ku Zimbabwe zimadziwika ndi kuchedwa kulipira, nthawi zina miyezi ingapo. Kuwonjezera apo pali nkhani ya ndalama yeniyeniyo. Ndalama ya Zimbabwe ya ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo pa 27 Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mphamvu kuchoka pa ZiG pafupifupi 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Amene anaika mtengo mu ZiG mu Ogasiti n'kulandira mu Novembala anasokera boma ulere, mwinanso anawonjezera zake. Ngati nsalu ija anagulira ngongole ya katapila, mashini omwewo amapita.

Choncho mlangizi wabwino amamuphunzitsa kuwerenga kaye mzere wonena kuti adzalipidwa mu ndalama iti, patapita masiku angati, ndi kuti mtengo umene walemba udzakhala womumanga kwa nthawi yaitali bwanji. Amamuphunzitsa kufunsa anzake za mbiri ya wogulayo. Amamulondolera ku ngongole zopepuka, monga za Zimbabwe Women's Microfinance Bank imene inatsegulidwa mu 2018 kapena za SMEDCO, ngakhale ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna. Ndipo amamuphunzitsa kukana. Tenda imene ingadye mpamba wonse kwa miyezi isanu si ya bizinesi ya mashini anayi, ngakhale mtengo wake ukhale wokopa bwanji.

Njira ina ndi yoyenda pansi pa kampani yaikulu, kapena kugwirizana amayi angapo n'kupikisana ngati gulu limodzi. Ku America bungwe la boma loona za mabizinesi ang'onoang'ono, SBA, lili ndi ndondomeko yolola kampani yokhwima kulera yaing'ono, ziwirizo n'kumapempha ntchito limodzi. Koma pali msampha umene South Africa ikuudziwa bwino: kampani ya munthu wina imalemba dzina la mayi pa CR6 kuti ioneke ngati ya amayi, iye n'kumalandira kangachepe osagwira ntchito, osaona mabuku. Zikavuta, ZIMRA ndi banki amafuna amene dzina lake lili papepala. Wolangiza amene akufuna dzina lako koma safuna kukuonetsa mmene anawerengetsera mtengo, wabwera kudzakubwereka, osati kudzakulera.

Kugonja nako kuli ndi njira yake. Lamulo limafuna kuti wogula adziwitse onse amene anapikisana, ndipo adikire masiku 14 asanasainirane ndi wopambana, kuti wodandaula adandaule. Wogonja ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene anakanidwira. Ochepa amafunsa, poopa kuti adedwa n'kutsekeredwa mtsogolo. Kusuma kumafuna ndalama zimene mabizinesi ang'onoang'ono alibe, koma kalata yaulemu yopempha zifukwa siwononga kanthu, ndipo yankho lake limamuuza mayiyo ngati anagwa pa mtengo, pa nsalu kapena pa ITF263 yakutha.