Mmene Arthas Anagwetsera Alamu Anga

Alamu anga ndi mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. Kale akandipeza pa laputopu ndikutuma tiantchito kukadula mitengo ndi kukumba golide mu Warcraft III, ankangopukusa mutu. "Alamu, ndevu zonsezo mukuseweretsa zidole?" Kwa iwo gemu inali ntchito ya anthu osowa chochita, yongotha mayunitsi a magetsi. Mwana wawo akapempha kusewera, yankho linali limodzi: katenge buku.

Lero munthu yemweyo amandiimbira foni usiku, achemwali anga akudandaula chapatali, kuti andiuze kuti Uther anali wamantha.

Chinawagwetsa ndi mzinda wa Stratholme. Pa tchuthi china anakhala pambali panga kuti andiseke bwino, nʼkupezeka kuti afika pomwe nkhani yafika pakolasa. Gemuyi, yomwe Blizzard inatulutsa mu 2002, imakupatsa Arthas Menethil, mwana wa Mfumu Terenas ya ku Lordaeron. Kel'Thuzad waipitsa tirigu wochokera ku Andorhal, ndipo aliyense wodya tiriguyo amafa nʼkudzuka ali mtembo woyenda. Arthas akufika ku Stratholme tirigu atagawidwa kale. Akulamula kuti mzinda wonse uphedwe anthu asanasanduke. Uther, yemwe anamuphunzitsa usilikali, akukana, ndipo Arthas akumuchotsa paudindo pomwepo. Mnzake Jaina Proudmoore nayenso akuchoka. Kenako gemu imakusiyira iwe wosewera ntchito yonyansayo: ugwetse nyumba, uphe anthu 100 chiwanda Mal'Ganis chisanasonkhanitse 100 ake.

Alamu anasiya kuseka. "Imani kaye. Ndiye awiriwo angochoka? Osasiya nzeru ina?" Ndinati eya. Anakoka mpando. Tiyi anazizira.

Mlungu usanathe anali atabwereka laputopu, ati kuti aone ngati gemuyo ili yoyenera mwana. Mwanayo sanaikhudze nʼkomwe.

Tsopano mkangano umenewu ndi wakale pakati pa okonda Warcraft, ndipo alamu analowamo ngati kuti anayambitsa ndiwo. Iwo ali mbali ya Arthas. Amati pa Stratholme panalibe njira yabwino, ndipo woipa ndi amene anaona moto nʼkusamba mʼmanja. Amati mtsogoleri amaweruzidwa ndi zimene ankadziwa pa tsikulo, osati zimene ife tikudziwa titamaliza gemu. Akatero amakweza chala ngati ali kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 4.

Ine ndimawalola pa Stratholme, koma ndimawadikirira ku Northrend, kumene Arthas anapita kukasaka Mal'Ganis. Kumeneko uthenga unabwera wochokera kwa mfumu kuti asilikali abwerere kwawo. Arthas analemba asilikali aganyu, nawotcha zombo za anthu ake omwe kuti pasapezeke wobwerera, kenako nʼkuloza aganyu aja kuti ndiwo awotcha, nalamula kuti aphedwe. Pamenepo lupanga lotembereredwa, Frostmourne, anali asanaligwire. Palibe chiwanda chinamunongʼoneza. Ndipo atalipeza, mnzake Muradin Bronzebeard anamuchenjeza za temberero, iye nʼkunena kuti alipira mtengo uliwonse. Munthu wotere akabwerera kwawo nʼkukabaya bambo ake pampando wachifumu, tizidabwa chiyani?

Nditawaponyera mfundoyi koyamba, anakhala chete mpaka ndinayamba kunyada. Mawa lake anabwera ndi kope. Kope lenileni, la mizere, lomwe analembamo ndi cholembera chofiira chokonzera mayeso. Anali atajambula mzere wa olakwa: pamwamba pa Arthas pali Ner'zhul, Lich King, yemwe anakonza msampha wonse, pamwamba pa Ner'zhul pali Kil'jaeden, yemwe anamuzunza nʼkutsekera mzimu wake mʼmadzi oundana. "Alamu, inu mukuweruza mbuzi, mwini chingwe mwamusiya." Ndinaseka mpaka misozi. Munthu amene ankati zonsezi ndi zidole anali akutchula Kil'jaeden mosaphonya ngakhale chilembo.

Kuyambira pamenepo sanabwererenso mʼmbuyo. Anamaliza The Frozen Throne ya 2003, nabwera ndi mlandu watsopano wa Illidan Stormrage, yemwe amati ndi wodzikonda wovala nkhope ya mpulumutsi. Sylvanas Windrunner amamumvera chisoni, ngakhale pamenepa ndimawakumbutsa kuti amene anamupha ku Quel'Thalas nʼkumusandutsa mzukwa ndi Arthas wawo yemweyo; amatsokomola nʼkusintha nkhani. Atamva kuti Muradin, yemwe ankaganiziridwa kuti anafa, anapezeka ali moyo mu Wrath of the Lich King ya 2008 anakwiya zenizeni, ati olemba anafewetsa mlandu womwe unali utatha kale. Apa pokha ndi pomwe timagwirizana.

Kusewera kwenikweni sakutha, ndisakunamizeni. Amaiwala kumanga mafamu, asilikali awo amafera panjira, ndipo mwana wawo, yemwe tsopano amaloledwa kusewera akamaliza homuweki, amawagonjetsa asanamalize nʼkumanga linga. Koma pa mlandu wa ndani woipa, musawayambe ngati simunakonzeke.

Chigamulo changa sichinasinthe: Arthas anadziwononga yekha pa tsiku lomwe anawotcha zombo zija. Amene akutsutsa abwere Loweruka masana, alamu adzakhalapo ndi kope lawo.