Wailesi pa Nthawi ya Cigumula ndi Cilala

Ana inu, mukafika kunyumba lero, mufunse agogo anu za mvula ya mu February 1978. Ngati anali kukhala mu Lusaka, adzayamba ndi kuchula dzina la Kanyama. Madzi anadzaza m'komboni monse, nyumba za njerwa zosaocha zinanyowa kunsi ndi kugwa, ndipo mabanja ambiri anasoŵa pogona. Kanyama ali pamalo athyathyathya, ndipo pansi pa dothi lake locepa pali mwala wa laimu. Madzi apansi ali pafupi. Tsono mvula ikacuruka, madziwo amakwera m'malo motsika, nasefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime zomwe.

Taganizani munthu amene nyumba yake yagwa usiku. Afuna cakudya ndi cofunda, inde, koma afunanso kudziŵa: kodi mvula ipitiriza? Apite kuti ndi ana? Nanga mbale wake wa tsidya lija wamva? Nyuzipepala ndi kalata zimayenda pa galimoto, ndipo galimoto imaima pamene mlatho wakokoloka. Mau a pa wailesi safuna mseu. Amayenda m'mlengalenga pa liŵiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo ngakhale wosadziŵa kuŵerenga amawamva.

Kuulutsa mau kwa boma mu Lusaka kunayamba mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciŵiri ya dziko lonse, koma anthu akuda okhala ndi wailesi anali oŵerengeka. Zinthu zinasintha mu 1949 pamene inafika wailesi yochedwa Saucepan Special, yooneka ngati poto, ya mtengo wa mapaundi 5, yoyendera batire. Wailesi imodzi inali kukwanira mudzi wathunthu. Madzulo anthu anali kusonkhana pakhonde la mwini wake kumvera nyimbo za Alick Nkhata, ndipo m'zaka zotsatira, nthano za Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo. Ofika kudzamvera nthano ndiwo analinso kumva mauthenga a maliro ndi macenjezo. Womva uthenga wa mnzake sanali kugona nawo. Anali kukwera njinga kukaupereka.

Pa cilala ca mu 1992 cimanga cinauma cisanabereke, ndipo dziko linalandira cimanga cacikasu cocokera kunja. Ambiri anali asanadyepo nsima ya mtundu umenewo, ndipo mudziŵa inu kuti pa njala mphekesera zimathamanga kuposa galimoto yobweretsa cakudya. Pa masiku otere liu lodziŵika, lolankhula cinenero ca kwanu, limakhazika mitima pansi. Mabatire anali osoŵa ndi odula. Akulu anali kuwacotsa m'wailesi nkhani zikatha, ena ndi kuwayanika padzuŵa kuti atsitsimuke pang'ono. Mwana wotsegula wailesi masana kuti amvere nyimbo anali kucimwa kwambiri!

Komabe wailesi ya ku Lusaka inali ndi polekezera pake. Zinenero 7, ndizo Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, zinali kugaŵana nthawi, ndipo mtsinje wodzala suyembekeza ora la Cinyanja. Ndiponso muulutsi wokhala mu Lusaka sangadziŵe kamtsinje kalikonse ka ku Chadiza kapena ku Mambwe. Mpata umenewu unatsekedwa ndi nyumba za wailesi za m'madera, monga Breeze FM imene inatsegulidwa ku Chipata mu 2002. Mau a FM safika kutali monga a shortwave, koma wolankhulayo amadziŵa dzina la mlatho, la mfumu ndi la sukulu kumene anthu athaŵira.

Mwina muganiza kuti foni yam'manja inalanda nchito yonseyi. Kumbukirani 2024. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo mafoni anathima nawo. Kawailesi ka mabatire aŵiri kanapitiriza kulankhula.

Inu aphunzitsi, sabata ino mwana aliyense afunse munthu wamkulu mafunso atatu: tsokalo linagwa caka citi, anamva uthenga pa wailesi ya yani, ndipo atamva anacita ciani. Mayankho alembedwe m'kope limodzi la kalasi, pamodzi ndi maina a midzi ndi mitsinje yochulidwamo.