Amkolabongo pa Famu: Zimene Mlimi, Anchito Ake ndi Mabanja Ao Ayenera Kudziwa

M'maphunziro athu timathera nthawi yaitali pa zinthu zimene zimaononga zokolola: mbozi m'cimanga, anankafumbwe m'nkhokwe, nkhupakupa pa ng'ombe ndi cilala. Palinso cina cimene cimadya phindu la mlimi koma sicilembedwa m'buku la famu, ndico mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, amene ambiri timawacha amkolabongo. Ena a inu mwayamba kale kulemba anchito ndi aganyu, ndipo ena mudzatero posacedwa. Ndi cifukwa cake taona kuti ndi bwino tifotokoze za mankhwalawa, mmene amagwirira nchito m'thupi, zimene malamulo akunena, ndi zimene mungacite pa famu ndi pakhomo.

Mankhwala amene tikunena

Kumudzi kuno ofala kwambiri ndi kacasu ndi camba. Kacasu alibe muyeso wodziwika wa ukali wake, cifukwa aliyense amacheza monga adziwira. Mowa wopangidwa mobisa nthawi zina umasakanizidwa ndi methanol, poizoni amene amacititsa khungu ngakhale kupha kumene. Tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala, boma linatiletsa mu 2012, koma mowa waukali wochipa udakapezekabe m'timabotolo ting'onoting'ono tokwana m'thumba la ovolosi.

Palinso mankhwala a kucipatala amene anthu amawagwiritsa nchito molakwika: mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi a ululu a tramadol, ndi diazepam amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Valium. Popeza amacokera ku famasi, acinyamata amaganiza kuti alibe vuto. Zoona zake n'zakuti codeine akafika m'ciwindi, gawo lake lina limasanduka morphine, amene ali m'gulu limodzi ndi heroin. Fodya nayenso, kaya wokoka kapena nsunko, ali ndi nicotine amene amamanga munthu mwamphamvu.

Cifukwa cake munthu amalephera kuleka

Ubongo uli ndi njira yake yotipatsa cisangalalo tikadya, tikapuma kapena tikatsiriza nchito yabwino. Amkolabongo amasonkhezera njira imeneyi mopitirira muyeso. Ubongo ukazolowera, umafuna mankhwala oculukirapo kuti umve zimene unamva poyamba. Zimafanana ndi munda umene watha nthaka: caka ndi caka umafuna fataleza wambiri kuti upereke matumba omwe aja. Pamapeto pake munthu amamwa kuti manja aleke kunjenjemera ndi kuti apeze tulo, cisangalalo cija citapita kale. Apa m'pamene cizolowezi casanduka matenda, ndipo kungomukalipira sikumuciritsa.

Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima kufikira zaka pafupifupi 25. Mnyamata amene wayamba camba kapena kacasu ali ndi zaka 15 amakodwa msanga kuposa munthu wamkulu, ndipo camba cimafooketsa kukumbukira ndi kuika maganizo pa cinthu cimodzi. Kwa ena, makamaka oyamba ali ang'ono ndi okoka tsiku ndi tsiku, camba cimadzutsa matenda a misala.

Mau amene timamva kawirikawiri pakati pa aganyu ndi akuti camba cimapatsa mphamvu zolimira ndime yaikulu. Camba sicionjezera mphamvu m'minofu. Cimangocititsa kuti munthu asamve bwino kutopa ndi ululu, zimene ndi macenjezo a thupi. Wolima motero amadzipweteka msana osadziwa, ndipo mizere yake ndi katalikidwe ka mapando zimaonetsa zokha kuti maganizo sanali pa nchito.

Ngozi za pa famu

Nchito zathu zambiri zimafuna maso akuthwa ndi manja ofulumira. Mowa ndi camba zimacedwetsa munthu kucitapo kanthu. Pa cigayo, pa makina opukusira cimanga, pa shafiti yozungulira kumbuyo kwa thirakita, kapena poyendetsa ngolo pamtsetse, kucedwa kwa kamphindi kamodzi kungadule dzanja kapena kutenga moyo. Ciwindi cimacotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono, pafupifupi botolo limodzi laling'ono la mowa wamba pa ola. Kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi sikufulumizitsa nchito imeneyi. Conco munthu amene anamwa kacasu mpaka pakati pa usiku angafike ku nchito m'mawa mowa ukali m'magazi.

Pa kupopera mbeu ndi kusambitsa ng'ombe ngozi imakula. Woledzera amalakwitsa muyeso, amaiwala magolovesi, ndipo amapopera moyang'anana ndi mphepo. Coopsa cina n'cakuti zizindikiro za poizoni wa mankhwala ophera tizirombo, monga cizungulire, kusanza, thukuta, kucuca malovu ndi kudzandira, zimafanana ndi za kuledzera. Wanchito wodziwika kuti amamwa akagwa m'munda atapopera, anzake anganene kuti wakhuta mowa n'kumusiya pamthunzi, pamene iye akufa ndi poizoni. Munthu wotere m'vuleni zovala zonyowa ndi mankhwala, m'sambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye kucipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo. Mankhwala onse a m'munda azikhala m'cipinda cokhoma, pakuti munthu woledzera ndi wokwiya angawamwe pa maganizo a kanthawi kocepa.

Zimene banja limataya

Tiyeni tiwerengere monga timacitira ndi bajeti ya munda. Munthu wogula mowa wa K20 tsiku lililonse amaononga K7,300 pa caka. Funsani mtengo wa thumba la fataleza kwa wogulitsa wa kwanuko, muone matumba angati amene apita. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene ndalama za cimanga, soya, nsawawa kapena thonje zangolandiridwa. Ndalama ya caka cathunthu ingathe m'milungu iwiri, ndipo mvula ikagwa banja limayamba kugulitsa mbuzi, fataleza wa FISP, ngakhale cimanga ca m'nkhokwe. Tikulangiza kuti mwamuna ndi mkazi azilemba limodzi zogula za nyengo yotsatira ndalama isanafike, ndipo mbeu ndi fataleza zigulidwe coyamba.

Ndalama si zokhazo zimene zimatayika. Ndeu za m'nyumba zimaculuka, ndipo ana amaphunzira zimene akuona. Mai woyembekezera akamwa mowa, mowawo umafika kwa mwana ali m'mimba ndi kuononga kakulidwe ka ubongo wake kwa moyo wonse.

Zimene malamulo akunena

Bungwe la boma la Drug Enforcement Commission, kapena DEC, linakhazikitsidwa mu 1989 kuti lilimbane ndi mankhwalawa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la mankhwala osokoneza bongo, pamodzi ndi malamulo ena awiri okhudza camba ca mankhwala a kucipatala ndi ca m'mafakitale. Ena anamva molakwa kuti tsopano aliyense angalime camba. Malamulowo amalola okhawo amene apatsidwa laisensi. Kulima, kusunga, kugulitsa kapena kukoka camba popanda cilolezo ukali mlandu wopita nao kundende. Camba cikapezeka pakati pa cimanga kapena m'mbali mwa dimba lanu, woyamba kufunsidwa ndinu mwini munda, ngakhale wabzala ndi wanchito. Yenderani minda yanu kufikira kumalire. Dziwaninso kuti kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18 n'koletsedwa.

Zimene mwini famu angacite

Malamulo a pa nchito anenedwe poyera tsiku loyamba, ndipo akhale amodzimodzi kwa kapitao, wacibale ndi waganyu. Wobwera ataledzera asakhudze makina, ng'ombe kapena sipuleya tsiku limenelo. Musalipire ganyu ndi mowa kapena fodya. Patsani anchito madzi akumwa, cakudya ndi nthawi yopuma, makamaka m'dzuwa la Okutobala, pakuti njala ndi kutopa ndizo zimakankhira ambiri ku camba.

Zizindikiro zoyenera kuzipenyetsetsa ndi izi: kujomba tsiku lotsatira malipiro, kupempha ndalama mwezi usanathe, maso ofiira, kunjenjemera m'mawa, kukwiya msanga ndi kusowa kwa zipangizo. Cimodzi cokha si umboni. Zikaculuka, muitaneni pambali ali bwinobwino, muchule zimene mwaona ndi masiku ake, ndipo mumvetsere. Kumucititsa manyazi pagulu kumangomuphunzitsa kubisa. Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba, conco musadikire ngozi.

Kumene thandizo lili

Yambirani ku kiliniki yapafupi. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri asaleke mwadzidzidzi ali yekha, cifukwa m'masiku awiri kapena atatu oyamba angayambe kugwa ngati wakhunyu ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo izi zimapha. Cimodzimodzi womwa diazepam kapena tramadol. A zaumoyo ndiwo ayenera kumuyang'anira. DEC ili ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu, ndipo cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka cimalandira odwala kwambiri. Pakakhala nkhanza m'nyumba, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi. Mukapeza munthu wakomoka ndi mowa, m'gonekeni cammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo musamusiye yekha.

Mpingo wathu umaphunzitsa kudziletsa, ndi kuti thupi ndi kacisi wa Mulungu, monga tiwerenga pa 1 Akorinto 6. Ciphunzitso cimeneci cimatipatsanso udindo kwa mbale amene wagwa. Abusa, akulu a mpingo ndi amai a Dorika angayendere banja lake, kumuperekeza kucipatala ndi kumupatsa nchito ya manja yodzaza nthawi imene kale inkathera ku mowa. Ambiri amaleka, n'kubwerera, n'kulekanso. Kubwerera kamodzi sikutanthauza kuti zonse zalephereka.

Pa 26 Juni caka ciliconse dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo kwathu kuno tsikuli limafika nthawi yogulitsa zokolola. Tikupempha aliyense wa inu kuti mlungu umenewo asonkhanitse anchito ake ndi mabanja ao, awawerengere nkhani ino, ndipo agwirizane malamulo a pa famu yao ndalama zisanalowe m'thumba.