Zimene timayang'ana pa kompyuta musanalandire mankhwala

Anthu ambiri amene amaima pazenera lathu la mankhwala amadabwa ndi chinthu chimodzi. Dokotala wawaona kale, matenda wawauza kale, koma akafika kwa ife sitithamangira kukatenga mapiritsi. Timayamba tapempha khadi, n'kuyang'ana pa kompyuta, mwinanso n'kufunsa mafunso amene ayankha kale m'chipinda cha dokotala. Agogo ochokera ku Tembwe, amene alawira mbandakucha ndipo mtima uli pa galimoto yobwerera, amafunsa mwaulemu koma motopa kuti, "Kodi mwanawe, mankhwalawo ali m'makinamo?" Funsoli n'lomveka. Ine ntchito yanga ndi yopereka mankhwala kuno m'boma la Chama, ndipo ndikufuna ndiliyankhe bwinobwino.

Pulogalamu imene zipatala zaboma m'Zambia zimagwiritsa ntchito posunga mbiri ya odwala imatchedwa SmartCare. Inayamba cha m'ma 2005, Unduna wa Zaumoyo ukugwirizana ndi bungwe la ku America la CDC, ndipo poyamba inkathandiza kwambiri pa chisamaliro cha anthu omwa ma ARV. Pang'onopang'ono inafalikira ku sikelo ya amayi oyembekezera, kwa odwala ongobwera n'kubwerera, ku labotale ndi kwa ife a mankhwala. Mtundu wake watsopano, SmartCare Pro, umasunga mbiri pamalo amodzi kudzera pa intaneti, kuti munthu wolembetsa ku Chama akadwalira ku Lundazi, ku Chipata kapena ku Lusaka asayambirenso pachiyambi. Anzathu a ku Malawi ali ndi njira yawoyawo, imene inayambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bungwe la Baobab Health, ija yomata kapepala ka mizeremizere pa buku la kuchipatala.

Dokotala akamaliza kukuonani, amalemba mu kompyuta dzina la mankhwala, mphamvu yake, kangati patsiku, ndiponso masiku angati. Inu mukamayenda kubwera kuzenera, uthengawo wafika kale kwa ine. Phindu loyamba ndi losavuta kuliona: zolemba za pa kompyuta zimawerengeka. Aliyense amene wagwirapo ntchitoyi nthawi ya mapepala okhaokha akudziwa mmene 1 wolembedwa mothamanga amafananira ndi 7, ndiponso mmene mayina ena a mankhwala amafananira dzanja likatopa. Koma kuwerengeka sikutanthauza kulondola. Kompyuta imabweretsa zolakwa zakezake: dokotala posankha pa mndandanda akhoza kudina mzere wapansi m'malo mwa wapamwamba, kapena kulemba mankhwala anu pa mbiri ya munthu wina amene anaiwala kuitseka. N'chifukwa chake ndimakufunsani dzina lanu lonse ndi mudzi wanu ngakhale zili kale pamaso panga. Ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa panu kuti munthu amene waima pazenera ndi yemweyo amene ali pa kompyuta.

Kenaka ndimayang'ana kulemera kwa thupi, makamaka kwa ana. Tengani Coartem, mankhwala a malungo amene ku Malawi amati LA. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 ndi anayi, kawiri patsiku kwa masiku atatu. Ngati sikelo imene ili mu kompyuta ndi ya chaka chatha, mwana amene wakula adzalandira mankhwala ochepa, malungo sadzatheratu, ndipo mayi adzabweranso patapita masabata awiri akuganiza kuti mankhwala a masiku ano alibe mphamvu. Choncho ndikakubwezani kuti mukamuyeze mwana pa sikelo, si nkhanza. M'chigwa cha Luangwa muno malungo si matenda ochita nawo mwachisawawa.

Pamene kompyuta imandithandiza koposa ndi pa munthu womwa mankhwala angapo nthawi imodzi. Ambiri omwa ma ARV masiku ano ali pa piritsi limodzi la TLD, limene muli dolutegravir. Munthu yemweyo akapezeka ndi TB, amayamba mankhwala amene muli rifampicin, ndipo rifampicin amachititsa chiwindi kuchotsa dolutegravir m'magazi mofulumira. Zikatero timawonjezera piritsi lina la dolutegravir la 50 mg, lomwa patapita maola 12. Kale a ku TB anali ndi kaundula wawo, a ku ma ARV wawonso, ndipo wodwala akapanda kunena, wina sankadziwa za mnzake. Mbiri ikakhala imodzi, ndimaona zonse ziwiri pamodzi n'kupita kukalankhula ndi dokotala mankhwala asanatuluke pazenera. N'chimodzimodzi munthu amene anatuluka zilonda m'kamwa ndi pakhungu atamwa Septrin: zikalembedwa kamodzi, aliyense wotsegula mbiri yake adzaziona, ngakhale nesi amene anamusamalira nthawi imeneyo anasamutsidwa kalekale.

Komabe kompyuta imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Siidziwa mapiritsi amene munagula pa kantini, siidziwa mizu imene mukumwa kunyumba, siidziwa mankhwala amene munalandira mutapita kukacheza kwa abale ku Rumphi kapena ku Mzimba m'Malawi, chifukwa makompyuta a zipatala za mayiko awiriwa salankhulana. Mayi woyembekezera akamamwa mapiritsi owonjezera magazi pamodzi ndi TLD m'mimba mulibe kanthu, ayironi wa m'mapiritsi owonjezera magaziwo amagwira dolutegravir m'matumbo, thupi n'kulandira wochepa. Ayenera kumwera pa chakudya kapena kusiyanitsa nthawi. Zotere zimatuluka pocheza, osati podina batani. Ine ndimaona kuti wopereka mankhwala amene sakweza maso kumuyang'ana wodwala wasiya theka la ntchito yake, ngakhale atalemba zonse molondola.

Pali mbali ina imene odwala saiona konse, koma kwa anthu a ku Tembwe mwina ndiyo yaikulu. Chilichonse chimene tapereka chiyenera kuchotsedwa pa chiwerengero cha katundu, pa khadi la m'sitolo ndiponso mu pulogalamu ina yotchedwa eLMIS. Lipoti lochokera pamenepo ndi limene bungwe la ZAMMSA, limene kale linali Medical Stores Limited, limagwiritsa ntchito podziwa kuti chipatala chakuti chitumizidwe zingati. Kawerengedwe kake n'kosavuta: amaona kuti mumagwiritsa ntchito zingati pamwezi, mwatsala ndi zingati, n'kudzaza mpata umene ulipo. Vuto limabwera mankhwala akatha pakati pa mwezi. Ngati Coartem anatha pa 15 koma masiku amene panalibe sanalembedwe, chiwerengero chidzaoneka ngati anthu anafuna wochepa, ndipo katundu wotsatira adzakhalanso wochepa. Kusowa kumabala kusowa kwina. Dera ngati lathu, limene mvula ikagwa mitsinje imadzaza ndipo misewu ina imaduka, silingadalire kuti galimoto ibwera mawa kudzakonza cholakwacho. Zimene talemba mu Okutobala ndi Novembala ndizo zimasunga anthu mu Febuluwale.

Magetsi ndi netiweki kumidzi n'zosadalirika, ndipo palibe chifukwa chobisira. Pamene zinthu zili bwino, timalemba mu kompyuta nthawi yomweyo wodwala ali pamaso pathu. Batire ya sola ikatha kapena netiweki ikasowa, timabwerera ku pepala, n'kudzalowetsa zonse pambuyo pake. Palibe amene ayenera kubwezedwa opanda mankhwala chifukwa choti makina azima. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mulu wa mapepala odikira kulowetsedwa, chifukwa pa masiku amenewo munthu amene watenga ma ARV a miyezi 6 amaoneka ngati wathawa mankhwala, ndipo alangizi a m'mudzi amakamufuna kunyumba kwake iye alibe mlandu. Pa chipatala chaching'ono pamene nesi mmodzi ndiye woyeza, wobereketsa ndi wopereka mankhwala, kumupatsa kompyuta popanda magetsi okwanira kapena womuthandiza kulemba ndi kumuwonjezera katundu pamutu. Amene amakonza bajeti ayenera kuwerengera sola, mabatire ndi anthu pamodzi ndi makinawo.

Ena amaopa kuti matenda awo adziwika ndi aliyense. Wogwira ntchito aliyense amalowa ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera. Ife ogwira ntchito tisamabwerekane manambala amenewa, ngakhale pamzere pali anthu ambiri. Mukaona kuti kompyuta yatembenuzidwa moti amene ali kumbuyo kwanu akuwerenga, muli ndi ufulu wonena.

Mantha omwewo, kapena kungotaya khadi, amachititsa ena kulembetsanso ngati atsopano, mwina ndi dzina la kwa amayi m'malo mwa la kwa abambo. Zikatero munthu mmodzi amakhala ndi mbiri ziwiri, ndipo chenjezo la mankhwala amene anamuvulaza limatsala m'mbiri imene sitinatsegule. Khadi likatayika, nenani kuti munalembetsapo kale, tchulani chipatala chake, ndipo ngati muli ndi chitupa cha NRC bwerani nacho. Tengaminso mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale opanda kanthu, kuti tiyerekeze ndi zimene zalembedwa.