Katuni ya mphunzitsi: kuchoka pa pepala, kudzera pa foni, kukafika m'kalasi

Ife ophunzira zauphunzitsi tamva kambirimbiri za TALULAR, kuti mphunzitsi azipanga zipangizo zophunzitsira ndi zinthu zimene ali nazo pafupi. Masiku ano foni nayo yalowa m'gulu limeneli. Mphunzitsi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje angathe kujambula katuni ndi dzanja, kuitola ndi foni, kuikonza, n'kukaisindikiza pa malo ochitira fotokope pamsika. Ophunzitsa ana ku Sukulu ya Sabata angathenso kutero. Koma chithunzi chooneka bwino pa foni kawirikawiri chimatuluka m'makina chili bii, nkhope zitasanduka makala. Pokonza chithunzi, tsono, tiziganizira makina osindikiza zakuda ndi zoyera komanso mwana wokhala kumbuyo kwenikweni. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo kumbuyoko n'kutali ndithu.

Ntchito imayambira pa pepala. Mizere ya pensulo tiidutsemo ndi cholembera chakuda, kenako tifufute pensuloyo. Amene anakula akuwerenga Pewani wa Brian Hara kapena Joza wa Vic Kasinja akukumbukira kuti makatuniwa ankaoneka bwino ngakhale pa pepala la nyuzipepala, chifukwa mzere wake unali wakuda ndi wotsimikiza. Potola chithunzi tituluke pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa silikuwomba pepalalo, ndipo foni iyang'ane pepala molunjika. Ikapendama, mutu wa munthu umatalika ngati papaya.

Ngakhale titatola bwino chotani, pepala limaoneka lotuwa. Apa m'pamene pamafunika chida chotchedwa Levels, chimene chili mu GIMP ndi Krita, mapulogalamu aulere a pa kompyuta. Chili ndi tizizindikiro tokoka: kena timakakoka mpaka kutuwa konse kuyere mbee, kena mpaka mizere ide bii. Pa foni, ibisPaint X ili ndi chida chotola mizere chochita ntchito yofananayo. Tisakoke mopitirira, chifukwa timizere ting'onoting'ono ta maso ndi zala ndi timene timayamba kuduka.

Chinthu chimene chimasiyanitsa wodziwa ndi wongoyesa ndi ma layer. Tiwayerekeze ndi mapulasitiki oonekera mkati osanjikizana. Mizere imakhala pa pulasitiki yapamwamba, utoto pansi pake, mawu paokha. Layer ya mizere tikaiika pa Multiply, choyera cha pepala chimaleka kuoneka, n'kutsala chakuda chokha, moti utoto wapansi umaonekera popanda kukhudza mzere. Phindu lake kwa mphunzitsi n'lalikulu. Mayi mmodzi amene tamujambula akupalira chimanga angagwire ntchito m'phunziro la ulimi lero, mawa tingosintha mawu akhale wa phunziro la Chichewa. Pothira utoto tionetsetse kuti mizere yatsekana. Pakakhala kampata, utoto wa chitenje umasefukira tsamba lonse.

Nkhani ya mitundu ndiyo imagwetsa ambiri. Makina a fotokope sadziwa chofiira kapena chobiriwira. Amangoona kuti chinthu n'chowala kapena chakuda motani. Tomato wofiira pakati pa masamba obiriwira angathe kutuluka wotuwa mofanana ndi masambawo, mwana n'kusowa tomato amene mphunzitsi akumuuza kuti awerenge. Tisanapite kukasindikiza, tisandutse chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera pa foni pomwepo, tione chimene chasowa.

Khungu nalo limafuna nzeru. Timafuna kuti ana adzione okha m'zithunzi, ndipo n'koyenera kutero. Koma tikapaka nkhope utoto woderapo kwambiri, makina amaumeza pamodzi ndi maso ndi pakamwa, ndiye sitidziwanso ngati munthuyo akuseka kapena akulira. Njira yabwino ndi kupaka kotuwa kopepuka, kapena kusiya nkhope yoyera n'kuika timizere ta mthunzi mbali imodzi. Tsitsi, mphuno, duku ndi chitenje zimanena kale kuti uyu ndi wakwathu.

Mawu tiziyamba talemba, chibaluni cholankhuliramo n'kubwera pambuyo. Mawu athu ndi aatali. "Sindinakuuzeni" amadya malo amene Chingerezi chikanaikamo mawu anayi. Kwa ana a Sitandade 1 tisankhe zilembo zofanana ndi zimene akuphunzira kulemba, makamaka "a" wozungulira. Zilembo za Andika zinapangidwira ophunzira kuwerenga ndipo n'zaulere.

Kukula kwa chithunzi tikusankhe poyamba pomwe. Kuti pepala la A4 lituluke bwino pa madontho 300 pa inchi, pamafunika ma pixel 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Kachithunzi kakang'ono tikakakoka kuti kadzaze tsamba, mizere imakhala ngati mano a sowo. Tisunge ngati PNG, chifukwa JPEG imataya pang'ono nthawi iliyonse tikaisunganso ndipo imasiya litsiro m'mbali mwa mizere. Potumiza pa WhatsApp kwa wosindikiza, titumize ngati document. Tikatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya.

Zida zomwezi zimathanso kufufuta dzina la wojambula pa katuni ya m'nyuzipepala. Kumeneko ndi kuba, lamulo lachisanu ndi chitatu timalidziwa, ndipo dziko lili ndi lamulo lake loteteza ntchito za aluso la 2016 limene a COSOMA amayang'anira.

Tikasindikiza tsamba loyamba, tisathamangire kulipira ena makumi asanu. Tilimate pakhoma, tiyende mapazi khumi chafutambuyo, tiyang'ane. Ngati khasu la mayi uja likuoneka ngati ndodo, tibwerere pa layer ya mizere tikainenepetse.