ABAKHA NDI ATSEKWE PAMBUYO PA CHILALA: MAYANKHO PA MIKANGANO YA M'MUDZI

Alimi anzathu a m'boma la Chadiza, chilala cha nyengo ya 2023/2024 chinasiya mabala m'makomo ambiri. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pa maboma 116 a m'Zambia, maboma 84 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinaumira m'munda. Akuluakulu anakumbukira 1992, chaka cha chimanga chachikasu. Mvula inagwa bwino m'nyengo ya 2024/2025, koma nkhokwe imadzaza msanga kuposa khola. Mbuzi ndi nkhuku zimene zinagulitsidwa kuti banja ligule ufa sizibwerera ndi mvula imodzi.

Chifukwa cha ichi, mabanja ena akuganiza zoyambiranso kuweta ndi abakha kapena atsekwe. Maganizo amenewa ndi abwino, koma mbalamezi zimabutsa mikangano. Wina akuti kusunga bakha popanda dziwe ndi nkhanza. Wina akuti abakha ndiwo amatha nkhuku m'mudzi. Amayi akudandaula ndi matope pa mjigo, ndipo ana akuopa kudutsa pa khomo pamene pali tsekwe. Kaya muli kwa Mfumu Mlolo, kwa Mfumu Mwangala kapena kwa Mfumu Zingalume, nkhani zake ndi zomwezi. Tiyeni tiziwone imodziimodzi.

DZIWANI MBALAME YANU

Bakha amene tamuzolowera m'midzi, wa zotupa zofiira kumaso ndi wosalira mokweza, amatchedwa Muscovy. Makolo ake anachokera ku South America ndi Central America. Amapirira kutentha, amadzifunira yekha chakudya, ndipo wamkazi amafungatira bwino mazira ake. Wamkazi amayamba kuikira ali ndi miyezi 6 kapena 7. Mazira ake amaswa pakapita masiku 35, pamene a nkhuku amaswa pa masiku 21. Ambiri amataya mazira abwino poganiza kuti asukusa, chonsecho nthawi yake inali isanakwane. Abakha a mitundu ina, monga Pekin ndi Khaki Campbell, amaswa pa masiku 28. Bakha wamphongo mmodzi amakwanira aakazi 4 kapena 5. Amphongo akachuluka amamenyana ndipo amavulaza aakazi.

Tsekwe ndi wosiyana. Chakudya chake chachikulu ndi msipu wanthete, monga mmene ichitira nkhosa. Mazira ake amatenga masiku pafupifupi 30, ndipo amaikira pa nyengo yake, osati chaka chonse. Wamphongo mmodzi amakwanira aakazi 2 kapena 3.

MKANGANO WOYAMBA: KODI BAKHA AMAFUNA DZIWE?

Onse amene amakangana pa nkhaniyi ali ndi mfundo. Bakha akhoza kukula, kuikira ndi kuswa popanda dziwe. Koma sangakhale wathanzi popanda madzi okwanira kumizamo mutu wonse. Iye amatsuka maso ndi mphuno zake poviika mutu m'madzi. Akasowa madzi otere, mphuno zimatsekeka ndi fumbi ndi gaga, maso amachita manthongo, ndipo nthenga zimawonongeka. Komanso bakha amadya uku akumwa. Mukampatsa gaga wouma popanda madzi pafupi, akhoza kutsamwa.

Choncho simufunika kukumba dziwe. Beseni lakale, ndowa yodula kapena tayala lodula pakati ndi zokwanira. Konzekerani chigubu chimodzi cha malita 20 pa tsiku pa abakha akuluakulu 10, ndipo muzisintha madziwo tsiku lililonse. Madzi akudawo musataye chabe: thirirani masamba, nthochi kapena mitengo ya zipatso, pakuti muli manyowa.

Musanagule abakha, werengani madzi a mwezi wa Okutobala, osati a mwezi wa Febuluwale. Ngati pa nthawi yotentha banja lanu limavutika kupeza madzi akumwa, yambani ndi abakha 3 kapena 4 okha. Funsaninso amene amatunga madzi pa khomopo, chifukwa katunduyo adzagwera pa mutu pawo.

Anapiye a bakha asasambire nthawi yaitali nthenga zawo zisanamere. Akanyowa kwambiri amazizidwa ndi kufa, ndipo ena amamira m'beseni polephera kutuluka. Apatseni madzi m'mbale yosazama, ndipo muikemo timiyala.

MKANGANO WACHIWIRI: ABAKHA PA MJIGO NDI PA CHITSIME

Pa nkhani iyi odandaula ndiwo akulondola. Zitosi za abakha ndi zamadzimadzi, ndipo zikhoza kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Abakha akamasewera pa mjigo kapena pa chitsime chosatchinga, amaipitsa malo amene mudzi wonse umatungapo madzi akumwa. Mwini abakha sayenera kunena kuti mbalame ilibe nzeru. Nzeru zake ndi za mwini wake. Walira mvula walira matope.

Chitani izi:
1. Ikani madzi a abakha pa khomo panu m'mawa musanawatsegulire. Bakha amene wapeza madzi kwawo sapita kutali.
2. Komiti ya mjigo imange mpanda wa mitengo kapena minga kuzungulira mjigo, ndipo ikonze ngalande kuti madzi asadikhe.
3. Pa nthawi ya madimba, tsekerani abakha ndi atsekwe mu mpanda. Atsekwe awiri akhoza kutha bedi la repu m'mawa umodzi.
4. Mbalame zanu zikawononga za mnzanu, pitani nokha mukapepese ndi kulipira, mlandu usanafike kwa a mfumu a m'mudzi.

Madzi odikha ndi oipa kwa abakha omwe. Chithaphwi chotentha chimene muli zinthu zowola, monga khoswe kapena nkhuku yakufa, chimapanga poizoni amene amafoola khosi ndi miyendo. Bakha amagwetsa khosi pansi ndi kufa. Kwirirani kapena wotchani nyama iliyonse yakufa.

MKANGANO WACHITATU: KODI ABAKHA AMAPHA NKHUKU?

Chitopa chikalowa m'mudzi, nkhuku zimatha koma abakha amatsala. Ichi ndi chimodzi mwa zabwino za abakha, komanso ndi chimene chimachititsa anthu kuwaloza chala. Zoona zake ndi izi: abakha ndi atsekwe kawirikawiri sadwala kwambiri chitopa, koma akhoza kusunga kachilombo kake ndi kupatsira nkhuku. Komabe chitopa chimafalanso ndi nkhuku zogula pa msika, ndi madengu, nsapato ndi zovala, ndiponso nyama ya nkhuku yodwala. Kupha abakha a mnzanu sikungathetse chitopa.

Chimene chimateteza nkhuku ndi katemera. Pali katemera wodonthezera m'diso, dontho limodzi pa nkhuku, amene amabwerezedwa pa miyezi 3 kapena 4 iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ofesi ya zanyama pa boma ku Chadiza, ndipo mudzi wonse utemere pa nthawi imodzi. Katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino, sachiza zodwala kale.

Abakha agone m'khola lawolawo, osati pamodzi ndi nkhuku. Mbalame iliyonse yatsopano, kaya mwagula ku Chipata, ku Katete kapena kwa abale a kutsidya kwa malire ku Mozambique, ikhale payokha masabata 2 musanaiphatikize ndi zinzake.

Pali nthenda inanso yoopsa, chimfine cha mbalame, imene imayenda ndi mbalame zam'madzi zakutchire. Mu 2017 inagwa m'mafamu a nkhuku ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo mu 2023 South Africa inataya nkhuku mamiliyoni. Mbalame zambiri zikafa mwadzidzidzi, musadye, musagulitse, ndipo ana asazigwire. Kaneneni msanga kwa alangizi a ziweto.

MKANGANO WACHINAYI: "BAKHA AMADYA CHILICHONSE"

Mawu amenewa aphetsa anapiye ambiri. Inde bakha amatola nkhono, ntchentche, chiswe, nyongolotsi ndi udzu. Koma chimanga chowola ndi nshawa zochita nkhungu ndi poizoni kwa iye. Nkhungu imeneyi imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo amachuluka pamene mbewu zavutika ndi chilala kapena zasungidwa zosauma. Pa mbalame zonse zoweta, anapiye a bakha ali m'gulu la zofa msanga ndi poizoniyu. Anthu anamuzindikira pambuyo pa 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha nshawa zoipa. Kuno kwathu, mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo aflatoxin anapezeka m'zakudya zopangidwa ndi chimanga. Chimene simungadye inu chifukwa cha nkhungu, musapatse bakha, nkhuku, nkhumba kapena galu. Kuphika sikuchotsa poizoniyu.

Bakha wamkulu wotsekeredwa amadya pafupifupi magalamu 150 mpaka 200 pa tsiku. Wodziyendera amafuna zochepa. Mpatseni gaga wabwino wonyowetsa pang'ono, zotsalira pofinya mafuta a mpendadzuwa, soya wokazinga ndi kusinja, masamba a kandolo, bonongwe ndi chisoso. Soya wosakazinga sagayika bwino m'mimba. Chakudya chonyowa chisagone, chifukwa chimasasa. Oikira mazira apatseni zikamba za nkhono kapena za mazira zowotcha ndi kusinja.

MKANGANO WACHISANU: TSEKWE NDI ANA

Tsekwe ndi mlonda wabwino. Mlendo akafika usiku amalira mpaka mudzi wonse kudzuka. Koma wamphongo amalusa pa nthawi yoikira ndi yolera, ndipo akhoza kuluma mwana kapena kummenya ndi phiko. Ngati khomo lanu lili pa njira ya ku sukulu kapena ya ku mjigo, mangani mpanda. Phunzitsaninso ana kuti asamawagende miyala, pakuti tsekwe woputidwa amalusa koposa.

Kumbukirani kuti tsekwe amadalira msipu. Amene ali pafupi ndi dambo kapena mtsinje wosaphwa msanga angathe kuweta atsekwe. Amene ali kumtunda kumene udzu umauma ndi kupsa mu Ogasiti, adzagula chakudya miyezi yambiri, ndipo phindu lidzathera pomwepo. Kwa iwo abakha kapena nkhuku ndi zabwino koposa.

MKANGANO WACHISANU NDI CHIMODZI: "CHIWETO NDI NDIWO CHABE"

Ena amaseka akamva za kusamala ziweto, amati zimenezo ndi za anthu a m'tauni amene amagona ndi agalu m'nyumba. Koma palibe amene akunena kuti musadye bakha wanu. Nkhani ndi ya mmene akukhalira asanafike mu mphika. M'malamulo a dziko lathu muli lamulo loletsa kuchitira nkhanza nyama, lotchedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, Chaputala 245. Ndipo akatswiri a ziweto m'maiko ambiri amagwirizana pa mfundo zisanu zimene zinalembedwa ku Britain mu 1979: chiweto chisavutike ndi njala ndi ludzu, chikhale pa malo oyenera, chitetezedwe ku ululu ndi matenda, chithe kuchita zimene mtundu wake umachita, ndipo chisakhale mwamantha.

Mfundo zimenezi zimagwirizana ndi thumba la mlimi. Bakha wa ludzu saikira. Wothyoka mwendo sagulika pa mtengo wabwino. Choncho:
1. Musanyamule bakha kapena tsekwe ndi miyendo. Miyendo yawo siilimba ndipo imaguluka msanga. Gwirani thupi lonse, mapiko ali ophatikiza.
2. Popita ku msika musawapachike chadodolido pa njinga. Aikeni m'dengu lopita mphepo, pansi pali udzu, ndipo yendani m'mamawa kusanatenthe. Mukafika apatseni madzi ndi mthunzi.
3. Bakha akamauluka, dulani ndi sizasi nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi lokha. Musadule fupa, musathyole phiko, ndipo musadule nthenga zanthete zimene zili ndi magazi.
4. Musamangirire bakha chingwe kumwendo pa dzuwa.
5. Musasosole nthenga mbalame ili moyo. Popha, mpeni ukhale wakuthwa ndipo ntchito ichitike mwamsanga.
6. Agalu anu adye mokwanira. Galu wanjala ndiye amagwira anapiye, ndipo yankho lake si kuthira poizoni kapena kumuthira madzi otentha.

KHOLA LOSAFUNA NDALAMA

Abakha a mtundu wa Pekin ndi atsekwe amagona pansi, ndipo Muscovy amakondanso kukwera pa mtengo waufupi. Mangani khola la mitengo ndi udzu pa malo okwera, lopita mphepo, la chitseko cholimba chotchinga agalu, likongwe ndi akuba. Yalani udzu wouma kapena makoko a nshawa, ndipo muzisintha zikanyowa. Zinyalalazo ndi manyowa abwino a kudimba zikawolerana. Abakha ambiri amaikira m'mawa, choncho atsegulireni dzuwa litakwera pang'ono kuti mazira asatayike kutchire. Anapiye akhale mu mpanda wofolera masabata oyamba poopa akabawi ndi akhwangwala. Mazira a bakha aphikeni mpaka apse bwino, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukachoka m'khola.

MUSANAYAMBE, DZIFUNSENI

Kodi ndili ndi madzi a miyezi yotentha? Kodi ndili ndi gaga wosachita nkhungu? Kodi khola ndi mpanda ndamanga? Kodi ndakambirana ndi a m'banja langa ndi oyandikana nawo? Ngati mwayankha inde pa mafunso onse anayi, yambani ndi wamphongo mmodzi ndi aakazi 3. Wamkazi akaswa koyamba, sungani aakazi ena, gulitsani amphongo otsala, ndipo ngati munalandira abakhawo kudzera m'gulu, patsirani mnzanu monga munapanganirana. Ngati pali funso limene mwayankha ayi, konzani chimenecho choyamba, kenaka mukagule abakha.