Mnijeriya Amene Anakana Mpando Wakumbuyo pa Basi ya ku Livingstone

Ambili mwa ise tinamudziwila ku sekondale Chinua Achebe, cifukwa ca buku lake la Things Fall Apart. Koma kodi mudziwa kuti mkulu ameneyu anakwelako basi muno m'dziko mwathu, ndipo anavutana na kondakita?

Nkhaniyi ili m'buku lake la 2009, The Education of a British-Protected Child. Kumayambililo kwa zaka za m'ma 1960, dziko lino likali Northern Rhodesia, Achebe anakwela basi yocoka ku Livingstone kupita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anakhala kutsogolo, kumene kunali kwa azungu okhaokha. Kondakita atamufunsa, iye anayankha kuti ni wa ku Nigeria, ndipo kwao munthu amakhala pamene afuna. Sanasunthe. Atafika ku mathithi, anthu akuda amene anali kumbuyo anamucemelela. Manje imwe amene mulimbilana mpando wa pafupi na dalaiva pa Kulima Tower, dziwani kuti kale mpandowo unali na khungu lake.

Apa m'pamene pali ubwino wa mabuku okamba za moyo wa wolemba: amaonetsa zimene nthano yake siikamba. Limodzi mwa iwo ni Chinua Achebe: A Biography, lolembedwa na Ezenwa-Ohaeto mu 1997, limene limatsata moyo wake kuyambila ku Ogidi, kumene anabadwila mu 1930.

Things Fall Apart inatsala pang'ono kusowa isanabadwe. Achebe analilemba pamanja, kope imodzi cabe, n'kuitumiza pa positi ku kampani ina ya ku London kuti akaitaipe. Ndalama analipila, koma miyezi inapita kuli zii. Bwana wake wa pa wailesi ku Lagos, Angela Beattie, ndiye anakafika pa ofesi yao ali ku London, n'kuwakalipila mpaka nchito inacitika. Heinemann inasindikiza bukulo mu 1958, makope 2,000 cabe. Lelo lamasulidwa m'zinenelo zoposa 50.

Nanga cinamuyambitsa kulemba n'ciani? M'buku la Home and Exile la mu 2000, amakamba za Mister Johnson, nthano ya Joyce Cary imene anawelenga pa koleji ku Ibadan. Azungu anali kuitamanda, koma iye na anzake anaona kuti Mnijeriya wa m'bukulo ni cidole cabe, osati munthu amene amamudziwa. Conco anasankha kukamba yekha nkhani ya anthu ake. Analemba m'Cizungu, koma anacipinda kuti cinyamule miyambi na kakambidwe ka Aigbo.

Sanathele pa mabuku ake okha. Kuyambila mu 1962 anali mlangizi wa mndandanda wa mabuku wa African Writers Series, ndipo buku la nambala 4 pa mndandandawo linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. Achebe anamwalila mu 2013 ku Boston.

Mu minibasi ya ku Matero kapena ku Chawama mumamveka nkhani zokwana buku lathunthu tsiku lililonse: za lendi, za malaiti, za cenji imene kondakita "waiwala". Zambili zimathela pa stesheni. Tikapanda kuzilemba tokha, adzalemba ena, ndipo adzatikhazika kumbuyo. Koma mukalemba, sungani kope yaciwili!